Mawu akuti "short-tempered": tanthauzo ndi kagwiritsidwe kake

Abale athu ambiri ochokera ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota akamapita ku Joni amatulukira pa chipata cha Mwanza, n'kulowa mu Mozambique pa Zobue, kudutsa Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Paulendowu komanso kuntchito amamva mawu a Chingerezi amene tikufuna tiwafotokoze lero.

Tanthauzo

"Short-tempered" amanena munthu wosachedwa kupsa mtima, uja timati wa mtima wapachala. Mawuwa amafotokoza khalidwe la munthu, osati mkwiyo wa tsiku limodzi. Amene wakwiya lero lokha ndi "angry". Koma bwana akalemba m'kalata ya umboni kuti wantchito ndi "short-tempered", ndiye kuti akuchenjeza olemba ntchito ena, ndipo munthu angathe kumanidwa ntchito.

Kumene anachokera

Tsinde lake ndi "temper", kuchokera ku Chilatini "temperare", kutanthauza kusakaniza zinthu pa muyezo woyenera. Madokotala akale ankaphunzitsa kuti khalidwe la munthu limatengera kasakanizidwe ka madzi anayi a m'thupi: magazi, makhololo, ndulu yachikasu ndi ndulu yakuda. Ibn Sina, amene anamwalira mu 1037, analongosola zimenezi m'buku lake la zamankhwala, Al-Qanun, ndipo kasakanizidweka m'Chiarabu ndi "mizaj". Choncho poyamba "temper" unali mtima wokhazikika. Amene mtima wotere umamuthera msanga ndiye "short-tempered".

Kagwiritsidwe

"Lose your temper": kupsa mtima mpaka kulephera kudzigwira.
"Keep your temper": kuugwira mtima.
"He has a temper": ngwaukali. Apa mawuwa atembenuka, akutanthauza mkwiyo weniweniwo.
"Hot-tempered" ndi "quick-tempered": n'chimodzimodzi ndi "short-tempered".
"Even-tempered": wofatsa, woleza mtima. Awa ndi mawu oyamikira.

Tidziwenso kuti kumuuza munthu pamaso kuti "you are short-tempered" n'kumunyoza, makamaka ngati ndi wamkulu kapena ofesala.

Tisasokoneze ndi "tamper"

Ambirife timatchula "temper" ndi "tamper" mofanana, koma ndi mawu awiri osiyana kutalitali. "Tamper" ndi kusintha kapena kuwononga chinthu popanda chilolezo. Ofesala wa pamalire akanena kuti "this passport has been tampered with", sakunena za mtima wanu ayi. Akutanthauza kuti pasipoti yasinthidwa: tsamba lang'ambidwa, deti lafufutidwa kapena chidindo n'chokayikitsa. Umenewu ndi mlandu woti munthu angabwezedwe nawo ngakhale kumangidwa. Woyankha mokalipa kuti sanapse mtima amangoikulitsa nkhani. Chofunika ndi kufunsa modekha kuti akuonetseni tsambalo. Pa Mwanza tingafunse m'Chichewa momwe, koma pa Beitbridge tidzafunika Chingerezi, n'chifukwa chake ndi bwino kuwadziwiratu mawuwa tisanakwere basi.

Pamalire pamakhala mizere yaitali, dzuwa, njala ndi kutsitsa katundu kuti aunikidwe, ndipo ngakhale wofatsa amayesedwa. Masheikh athu amatikumbutsa kawirikawiri kuti mkwiyo ukabwera tikhale chete, ngati taima tikhale pansi, ndipo ngati madzi alipo tichite wudhu. Tiwaphunzitse zimenezi ana athu asananyamuke, pamodzi ndi kusiyana kwa "temper" ndi "tamper".