Mkono wa loboti ndi mjigo wa kwathu

Pa tchuthi chapitachi ndinapita kumudzi kwathu kwa Mwambo, ndipo ndinapeza mwana wa achemwali anga ali ndwii pakhonde. Bambo ake, amene ali ku Joni, anamutumizira chidole cha pulasitiki, chija ukachipinda chimasanduka galimoto, ukachitambasula chimasanduka loboti. Sabata isanathe mkono umodzi unathyoka. Mnzake wa nyumba yoyandikana nayo ali ndi loboti yakenso, yogula pa kaunjika ku Jali, yopanda mutu koma manja onse alipo. Anawo anagwirizana zozula mkono kwa yopanda mutuyo n'kuika kwa inayo. Zinakanika. Chibowo chinali chachikulu, kolowetsako kochepa.

"Malume, bwanji sukulowa? Si onse ndi maloboti?"

Ndinangomanga mkonowo ndi mphira wa chubu cha njinga n'kumuuza kuti azisewera choncho. Koma funsolo linandikhala mumtima, chifukwa ndi lomwenso amayi amafunsa mjigo ukawonongeka, ndiponso lomwe wakabaza amafunsa akagula sipeya yosalowa. N'chifukwa chiyani zipangizo zina zimalowana pomwe zina sizilowana? Nditawerenga mbiri yake ndapeza kuti kulowana kwa zipangizo sikuchitika mwangozi. Pamakhala anthu amene anakhala pansi n'kugamula kuti zikhale choncho, kapena kuti zisakhale choncho.

Kwa zaka zambirimbiri chinthu chilichonse chinkapangidwa pachokha. Ganizirani khasu. Mpini umasemedwa, chitsulo chimatenthedwa pamoto n'kuboolera mpiniwo, ndipo bowolo limatenga maonekedwe a khasu limenelo basi. Mukaika khasu lina mumpini womwewo limagwedera kapena limaung'amba. Ku Ulaya nako mfuti, mawotchi ndi ngolo zinkapangidwa motero. Mmisiri ankapala chitsulo chilichonse mpaka chigwirizane ndi chinzake, ndipo mfuti ikawonongeka kunkhondo inkadikira mmisiri.

Asilikali ndiwo anayamba kutopa nazo. Mu 1785 Mfalansa wina wopanga mfuti, Honoré Blanc, anaonetsa akuluakulu kuti angathe kumasula mfuti zambiri, kusakaniza tizitsulo take, kenaka n'kumanganso potola kalikonse kamene dzanja lagwira. Thomas Jefferson, yemwe panthawiyo ankaimira dziko la America ku France, anaona zimenezi ndipo analembera boma lake. Mu 1798 Eli Whitney analandira ntchito yopangira boma la America mfuti 10,000. Mabuku ambiri amamutcha tate wa zipangizo zolowana, koma akatswiri a mbiri atafufuza mfuti zakezo anapeza kuti zinkafunabe kupalidwa ndi manja, ndipo ntchito imene analonjeza kutsiriza pa zaka ziwiri inamutengera pafupifupi zaka khumi. Amene anafikadi pa cholingacho ndi John Hall, pa fakitale ya boma ya Harpers Ferry, m'zaka za m'ma 1820. Chinsinsi chake chinali miyezo: chitsulo chilichonse chinkayesedwa ndi choyezera chimodzi, osati ndi diso la mmisiri.

Kuchokera pamenepo nzeruyi inafalikira. Mu 1841 Joseph Whitworth wa ku England anapereka muyezo umodzi wa mizere ya mabawuti ndi manati, chifukwa kale fakitale iliyonse inali ndi mizere yakeyake. Mu 1908 kampani ya Cadillac inamasula magalimoto atatu ku England, zipangizo zake n'kusakanizidwa mulu umodzi, ndipo atamanganso magalimoto atatu onse analira n'kuyenda. Henry Ford sakadatha kuyambitsa mzere wake womangira magalimoto mu 1913 zipangizo zikadakhala zofuna kupala.

Zidole zinatsatira njira yomweyo. Kampani ya Lego ya ku Denmark inalembetsa kapangidwe ka tinjerwa take mu 1958, ndipo kanjerwa ka chaka chimenecho kamalowabe pa kamene kapangidwa lero. Maloboti osandulikawa anachokera ku Japan. Kampani ya Takara inali ndi zidole zotchedwa Diaclone ndi Micro Change, ndipo kampani ya ku America ya Hasbro inazitenga, n'kuziphatikiza pansi pa dzina limodzi la Transformers mu 1984. Mu 1985 anatulutsa Devastator, chiloboti chachikulu chopangidwa polumikiza timaloboti tisanu ndi kamodzi, koma kalikonse kanali ndi malo ake osasinthika. Mu 1986 kunabwera magulu a maloboti asanuasanu monga Aerialbots, Stunticons, Protectobots ndi Combaticons. Pa gulu lililonse, wamkulu ankakhala thunthu, anayi enawo manja ndi miyendo. Polumikizira pake panali pofanana, kotero mwendo unkatha kukhala mkono, ndipo mkono wa gulu lina unkalowa pa thunthu la gulu linzake.

Izitu n'zimene ana aja ankafuna pakhonde paja. Koma onetsetsani pamene kulowanako kunkathera. Nthawi yomweyo kampani ya Tonka inkagulitsa maloboti ake otchedwa GoBots, ochokera ku zidole za Machine Robo za kampani ya Bandai, ndipo sanapangidwe kuti azilumikizana ndi a Hasbro. Kampani imafuna kuti zidole zake zizilowana zokhazokha, kuti mwana amene wagula chimodzi alirire zinayi zotsalazo. Kulowana kotere kuli ndi mpanda, ndipo mpandawo ndi wa mwini kampani. Pa chidole palibe amene amafa nazo. Koma nzeru yomweyo ikafika pa madzi akumwa, nkhani imasintha.

Apa ndi pamene dziko lathu limalowa m'mbiriyi, ndipo ambiri a ife sitidziwa. Bungwe la United Nations linatcha zaka za 1981 mpaka 1990 kukhala zaka khumi za madzi aukhondo. Vuto lalikulu panthawiyo silinali kukumba zitsime kokha ayi, koma mijigo imene inkaikidwapo. Inali ya mitundu yosiyanasiyana, yochokera kumaiko osiyanasiyana, yolemera, ndipo ikawonongeka pankafunika amisiri a boma abwere ndi galimoto ndi zida zokokera mapaipi achitsulo. Mudzi unkatha miyezi ukudikira. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndi bungwe la UNDP anayamba kufufuza mjigo umene anthu akumudzi angamakonze okha, ndipo ntchito imeneyi inazika mizu ku Malawi kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mjigo woyamba unkatchedwa Maldev. Ntchitoyo inapitirira ku Kenya, kumene unayesedwa kwambiri m'dera la Kwale, ndipo unatenga dzina limene timauona nalo lero, Afridev. Mjigo umene uli pa sukulu ya pulayimale ya kwanu, ngati uli wa pa chitsime chakuya, mwachidziwikire ndi umenewu.

Nzeru za Afridev zili pa zinthu zing'onozing'ono. Mapaipi ake ndi a pulasitiki ndipo amakhala m'chitsime osatulutsidwa. Zimene zimatha msanga, monga timphira totseka madzi ndi kavalavu ka pansi, zimakokedwa kudzera m'kati mwa paipi momwemo. Ndodo zachitsulo zimakolekana ngati mbedza, osafuna kumanga ndi zida. Tozungulirapo chogwirira, m'malo mwa mabering'i achitsulo, ndi tapulasitiki tofanana, toti munthu amasintha ndi manja. Sipanala imodzi ndi kachida kowedzera valavu n'zokwanira pa ntchito yambiri. Mjigowu umakoka madzi mpaka pa mamita 45. Chachikulu koposa n'chakuti kapangidwe kake si ka kampani imodzi. Zojambula ndi miyezo yake n'zotsegukira aliyense, ndipo bungwe la SKAT la ku Switzerland ndi limene linazisindikiza n'kumazisamala. Fakitale ya ku India, ya ku Kenya kapena ya kwina kulikonse ikhoza kupanga, bola itsate miyezo. Boma lathu litasankha Afridev kukhala mjigo wa zitsime zakuya m'dziko muno, kamphira kogula mu mzinda wa Zomba kanayamba kulowa pa mjigo wa ku Kachulu monga momwe kangalowere pa wa ku Karonga.

Kwa munthu wa m'tauni izi zingaoneke zazing'ono. Kwa ife a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa si zazing'ono. Nyanja yathu ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo inaphwapo mu 1968 ndi mu 1995, n'kudzatsala pang'ono kutheratu mu 2018. Kolera ndi mlendo amene dera lino limamudziwa bwino, makamaka pakati pa asodzi amene amagona pa zimbowera. Mliri wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mjigo ukafa, amayi sakhala manja lende kudikira. Amapita kudambo, kumtsinje kapena pa chitsime chosatetezedwa. Kusiyana kwa mjigo wokonzedwa mawa ndi wokonzedwa pakatha miyezi itatu kumaonekera kuchipatala.

Tinaonanso zimene zimachitika nzeru imeneyi ikaiwalika. M'zaka za m'ma 2000 kunatchuka chipangizo cha ku South Africa chotchedwa PlayPump: ana akamazungulira pa katungwe wozungulira, madzi amakwera m'thanki. Mu 2006 boma la America pamodzi ndi mabungwe ena analonjeza madola 16.4 miliyoni kuti chifalikire, ndipo chinafika ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. M'malo ena chinaikidwa pochotsa mjigo wamba. Pa chithunzi chinkaoneka bwino. Koma ana sasewera tsiku lonse, ndiye amayi ndi agogo ndiwo ankakankha chimkombero chija kuti atunge. Chikawonongeka, anthu a m'mudzi analibe sipeya kapena luso lochikonzera, ankadikira eni ake. Pofika mu 2010 atolankhani anali ataonetsa zina zitangokhala osagwira ntchito ku Mozambique, ndipo chidwi cha opereka thandizo chinazilala. Chinali chidole chokongola chokhala ndi mpanda wa mwini wake, ngati loboti ya mwana wa achemwali anga.

Wina anganene kuti ndikukometsera. Zoona, kulowana kwa zipangizo sikuthetsa zonse. Mijigo ya Afridev yakufa ilipo yambiri m'midzi mwathu. Pena komiti ya mjigo ilibe ndalama chifukwa anthu sasonkha, kapena zosonkhazo zinalowera kwina. Pena sipeya ndi yachinyengo, yooneka ngati yeniyeni koma yotha pa mwezi umodzi. M'madera ena a kufupi ndi nyanja madzi apansi ndi amchere ndipo zitsulo zimachita dzimbiri msanga. Ndiponso chinthu cholowa paliponse chimagulitsika paliponse, n'chifukwa chake akuba amakonda kumasula mijigo usiku. Palinso mfundo yakuti dziko likamamatira mtundu umodzi, zatsopano zabwino zimavutika kulowa. Zonsezi ndikuzivomera. Koma mavuto amenewa mudzi ungathe kuwakambirana pabwalo la amfumu n'kupeza chochita. Sipeya imene kulibe m'dziko lonse, ngakhale mutakambirana mpaka dzuwa kulowa, simungaipeze.

Onani njinga zakapalasa zimene zimanyamula matemba ndi milamba kuchokera ku Kachulu kupita ku Zomba, kapena matumba a mpunga kuchokera kumadambo. Zambiri n'zamtundu wakale uja wa matayala a mainchesi 28, wotengera njinga za ku England, zimene mafakitale a ku India ndi China akhala akupanga kwa zaka zambiri. Palibe amene amazigula chifukwa cha kukongola. Amazigula chifukwa wokonza njinga aliyense pansi pa mtengo wa mango ali ndi sipoko, tcheni, chubu ndi mabolo ake. Njinga imodzi imatha kukhala ndi felemu ya kampani ina, foloko ya ina, mapedulo a inanso, n'kumayendabe zaka makumi awiri. Njinga zamagiya za pa kaunjika n'zopepuka ndi zothamanga, koma ikathyoka kachitsulo kosinthira magiya, mwini wake amayendayenda m'misika kufuna kofanana nako.

Masiku ano kukubwera mapampu oyendera dzuwa, matanki ndi mipopi, ndipo n'zabwino, chifukwa palibe amene amasangalala kuona amayi ake akupopa mjigo m'bandakucha. Koma bungwe lililonse likubwera ndi mtundu wake wa pampu, wa mapanelo ndi wa kabokosi kolamulira magetsi. Ngati sitisamala tibwerera ku zaka zija Afridev isanabwere, pamene chitsime chilichonse chinkadikira mmisiri wakewake wochokera kutali. Maiko a mgwirizano wa European Union anachita kukhazikitsa lamulo kuti kuyambira mu Disembala 2024 mafoni atsopano azikhala ndi polowetsera chaja pofanana, pa USB-C, chifukwa anaona kuti makampani paokha sangagwetse mipanda yawo. Ngati iwo anatero pa chaja, ife tilekerenji pa madzi? Pa mwambo wopereka chitukuko, tisanayambe kuomba m'manja ndi kululutira, pakhale munthu mmodzi wofunsa kuti: ichi chikawonongeka, sipeya yake tikaigula kuti, ndipo adzamange ndani?

Tsiku loti ndibwerere kusukulu ndinapeza loboti ija ili pansi pa nkhokwe, mphira uja utamasuka. Anawo anali kumsewu ndi galimoto yamawaya. Tayala limodzi linali litaguluka, ndipo mwana wa achemwali anga anatola chitsekerero cha botolo, n'kuchiboola ndi msomali, n'kupinda waya pang'ono. Sipanathe mphindi zisanu galimoto inali pamsewu.