MAFUPA NDI NKHONYA: KUCOKERA KU BROKEN HILL KUFIKA KU MTENDERE

Pa 17 June 1921, mu mgodi wa mtovu wa Broken Hill, kumene lero kuchedwa Kabwe, anthu awiri analikukumba m'phanga lakale. Mmodzi anali Tom Zwiglaar wa ku Switzerland, winayo anali wanchito wacikuda amene olemba a masiku amenewo sanasunge dzina lace. Iwo anapeza cigaza ca munthu, ca mphumi yotsetsereka ndi zikope zokhuthala. Pafupi pace panapezeka fupa la msongolo. Cigazaco anacitumiza ku London, ndipo mu 2020 akatswiri atacipima analengeza kuti mwini wace anakhalako zaka ngati 300,000 zapitazo.

Anthu ambiri amakumbuka cigaza cokha, koma fupa la msongolo lija liri ndi nkhani yacenso. Ndi lalitali ndi loongoka, lofanana ndi la munthu wa lero. Licitira umboni kuti kale lomwe m'dziko muno munali anthu oyenda ciriri pa miyendo iwiri, manja ali omasuka kunyamula ndi kuponya. Masewera onse a mphamvu atsamira pamenepo. Wa mpira amaima ndi mwendo umodzi pamene wina uli kukankha. Wa nkhonya amayamba nkhonya yace ku phazi: mphamvu icokera pansi, ikwera ndi msongolo ndi nchafu, izungulira m'cuuno ndi mumsana, ndipo dzanja lingoipereka kwa mnzace.

Munthu wamkuru ali ndi mafupa 206. Mwa amenewa 27 ali m'dzanja liri lonse ndi 26 m'phazi liri lonse, ndiko kuti oposa theka la mafupa onse ali m'manja ndi m'mapazi. Kale ambiri ankayesa kuti fupa ndi cinthu cakufa monga mtengo wouma. Koma mu 1892 dotolo wa ku Germany, Julius Wolff, analemba kuti fupa limasintha monga mwa katundu amene lisenza: likagwira nchito limakhuthala, likagonekedwa limaonda. Mu 1895 Wilhelm Röntgen anapeza kuwala kwa X-ray, ndipo kuyambira pamenepo madotolo anayamba kuona mafupa a munthu wamoyo osamng'amba.

Nkhonya za magolovesi zinakula ku England pansi pa malamulo a Queensberry a 1867. Kuno zinazika mizu m'maholo a ku migodi ndi a m'matauni, kumene akuru a nchito ankafuna kuti anyamata akhale ndi cocita akaweruka. Lusaka atasanduka likuru mu 1935, anthu anacuruka. Matero anamangidwa ndi a tauni, ndipo Kanyama, Chawama, George ndi Kalingalinga anakula ndi manja a eni ace. M'makomboni otere mwana sakhala ndi zipangizo zodula. Ali ndi thumba la mcenga lopacika pa mtengo, cingwe codumpha, ndi mafupa amene anabadwa nao.

Mmodzi wa ochuka oyamba anali Lottie Mwale, amene anthu anamucha Gunduzani. Mu 1974 anatenga mendulo ya golide pa masewera a Commonwealth ku Christchurch, ndipo mu 1979 anagonjetsa Gary Summerhays wa ku Canada mu Lusaka momwemuno natenga lamba wa Commonwealth. Mu 1984 Keith Mwila anabwera ndi mendulo yoyamba ya Zambia ya Olympic kucokera ku Los Angeles, nayonso ya nkhonya. Pambuyo pace kunadza akazi. Esther Phiri, mwana wa ku Mtendere amene ankagulitsa ndiwo pa msika, anaphunzitsidwa ndi Anthony Mwamba natenga malamba a dziko lonse. Mu 2016 Catherine Phiri anapita ku Mexico nagonjetsa Yazmin Rivas, natenga lamba wa WBC.

Koma mbiri yomweyi iphunzitsanso kumene mafupa alekezera. M'cikhato muli mafupa asanu aatali, ndipo nkhonya ikagwa mokhota, limene liri kumbuyo kwa cala cakaniye ndilo limathyoka kawiri-kawiri, kotero kuti madotolo anakucha kuthyoka kwa womenya nkhonya. Cifukwa cace omenya amakulunga manja ndi nsaru asanabvale magolovesi. Magolovesiwo ateteza dzanja koposa mutu. Cigaza ncolimba ndithu, koma bongo uli m'kati mwace monga dzira m'cikho ca madzi, ndipo cibwano cikagundidwa mwamphamvu bongo umagunda khoma lace lomwe. Ndico cimene cimagwetsa munthu pansi ngakhale palibe fupa lathyoka. Gunduzani mwini wace anagwa motero mu 1980 ku San Diego, mu raundi yacinai, polimbana ndi Matthew Saad Muhammad. Fupa lothyoka limalumikizika m'masabata owerengeka likaikidwa m'cikhakha, koma bongo wogundidwa kawiri-kawiri subwerera msanga, ndipo nthawi zina subwerera konse.

Palinso nkhani ya ana. Mafupa aatali a mwana amakulira ku nsonga, kumene kuli cicerewecere cofewa cimene cimauma munthu akamayandikira zaka 20. Mwana akabvulala pamenepo, makolo nangomsisita kunyumba osapita naye ku cipatala, mwendo kapena mkono ungathe kukula mopindika. Akuru anati fupa lokakamiza limaswa mphika. Mnyamata wobwezeredwa m'bwalo bondo lisanapole, kapena mutu ukali kuzungulira, angapambane tsiku limodzi nataya zaka khumi.

Zaka zomwezi za ubwana ndizo zimene thupi limaunjika cuma ca m'mafupa cimene munthu adzadya mu ukalamba. Cumaco ndi mcere wa mtundu wa laimu wochedwa calcium. Upezeka mu mkaka, m'ndiwo zamasamba, ndi mu kapenta, pakuti kapenta amadyedwa ndi minga yace yomwe. Dzuwa likaomba khungu lithandiza thupi kulandira mcerewo, ndipo kuthamanga ndi kudumpha kumauza fupa kuti liusunge. Tsono mai wa ku Kalingalinga amene agula kambale ka kapenta nalola ana ace, amuna ndi akazi omwe, kudumpha cingwe pabwalo, ali kucita nchito yomweyo imene Wolff anailemba m'buku. Wophunzitsa nkhonya angathe kuphunzitsa mapazi ndi maso, koma mafupa amawalandira atamangidwa kale kunyumba.