Njanji ya ku Badulla ndi Anthu Othyola Tiyi

Kwa miyezi ingapo ndakhala ndikukonzekera ulendo wa ku Sri Lanka, ndipo chimene chidandikopa ndi chomwe chimakopa aliyense: chithunzi cha sitima yabuluu ikukhotakhota m'mapiri obiriwira ndi tiyi, anthu ataima pakhomo mphepo ikuwawomba. Kuchokera ku Kandy kukafika ku Ella ndi maola pafupifupi 7. Mipando yosungitsiratu imatha msanga, ndipo nyengo ya mvula nthaka imagumuka n'kutseka njanji, choncho munthu ayenera kufunsa asananyamuke. Zimenezi ndidazidziwa tsiku limodzi. Chimene chidanditengera nthawi ndi mbiri ya njanjiyo, imene ndidakumana nayo pofufuza siteshoni yoti ndidzatsikire.

Njanji imeneyi adaimangira khofi. Angerezi atagonjetsa ufumu wa Kandy mu 1815, adagwetsa nkhalango za m'mapiri n'kudzala khofi, amene ankatsikira ku doko la Colombo pa ngolo za ng'ombe, ulendo wa masiku ambiri. Eni minda adadandaula mpaka boma la atsamunda lidavomera. Sitima yoyamba idayenda mu December 1864 kuchoka ku Colombo kukafika ku Ambepussa, ndipo mu 1867 idalowa mu Kandy. Patangopita zaka ziwiri, mu 1869, matenda a dzimbiri adagwira masamba a khofi, ndipo pofika m'ma 1880 minda yambiri idali itafa. Mwayi wa atsamundawo udali wakuti mu 1867 momwemo mnyamata wa ku Scotland, James Taylor, adali atadzala tiyi pa maekala 19 ku Loolecondera. Tiyi ndiye adalowa m'malo mwa khofi, ndipo njanji idamutsata kukwera mapiri: Nanu Oya mu 1885, Haputale mu 1893, Bandarawela mu 1894, Badulla mu 1924. Makilomita 292 adatenga zaka 60.

Chifukwa cha kuchedwako chimaoneka pa mapu. Siteshoni ya Pattipola ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,900, pamwamba kuposa tauni ya Dedza. Ku Demodara phiri lidakana kuti njanji itsike molunjika, motero amisiri adaizunguliza mpaka idadutsa mumphanga pansi pa siteshoni imene yangochokapo. Chapafupi pomwepo pali mlatho wa mizati yokhota 9, womangidwa ndi miyala ndi njerwa, umene alendo amaujambula kuposa china chilichonse.

Koma tiyi sadzithyola yekha. Anthu a mtundu wa Sinhala a m'midzi ya m'mapiri adali ndi minda yawo ya mpunga ndipo ambiri sadafune kukhala antchito a m'maesiteti. Atsamunda adakatenga Atamil osauka kum'mwera kwa India, kudzera mwa akapitawo otchedwa kangany. Anthuwo ankawoloka nyanja, n'kutsikira cha ku Mannar, kenako n'kuyenda pansi makilomita oposa 200 kudutsa m'nkhalango za malungo. Ambiri adafera m'njira. Amene adafika adaikidwa m'nyumba zazitali zogawidwa tizipinda, banja lonse m'kachipinda kamodzi, ndipo nyumba zina zoterezi anthu akukhalamobe. Ceylon italandira ufulu mu 1948, lamulo la unzika la chaka chomwecho lidawasiya kunja, ndipo chaka chotsatira adalandidwa voti. Mu 1964 maboma a Ceylon ndi India adagwirizana kuti anthu 525,000 apite ku India ndipo 300,000 apatsidwe unzika, ngati akugawana mbuzi. Ambiri mwa otumizidwawo adali asanaionepo India. Otsala opanda dziko adapatsidwa unzika mu 2003.

Powerenga zimenezi, mtima wanga udathamangira ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo sikudali kungofanizira chabe. Matenda amene adapha khofi ku Ceylon adabalalitsa alimi achizungu, ndipo mmodzi wa iwo, Henry Brown, adafika ku Mulanje n'kudzala tiyi cha m'ma 1891, mbewu zake zochokera ku mitengo ya pa mishoni ya Blantyre. Nako kwathu kuno khofi adatsogola, n'kugwa, tiyi n'kulowa m'malo. Nayo njanji ya Shire Highlands, imene idafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, idadzera ku Luchenza kuti inyamule zokolola za m'maesiteti. Ndipo manja ambiri othyola adali a Alomwe ochokera ku Mozambique, amene adawoloka malire pothawa nkhanza ndi msonkho wa Apwitikizi, n'kugwa m'thangata kuti apeze pokhala. Kusiyana kwake n'kwakuti Alomwe adakhala nzika za Malawi ufulu utabwera. Abale a ku Milange ndi ku Gurué nkhaniyi akuidziwa kuchokera tsidya linalo la malire.

Poti ndidaphunzira za zilankhulo, sindingapirire osanenapo za dzina la chakumwachi. Mawu athu akuti tiyi adachokera ku Chingerezi, Chingerezicho chidawatenga kwa Adatchi, amene adawamva kwa amalonda a m'mphepete mwa nyanja ku Fujian, m'dziko la China, kumene amati te. Apwitikizi adaphunzira katchulidwe kena ku Macau, n'chifukwa chake ku Tete amati chá. Mchewa wa ku Dedza ndi mbale wake wa ku Angónia amamwa chinthu chimodzi ndi maina awiri, ndipo malire a mainawo adalembedwa ndi zombo za anthu ena. Ku Sri Lanka, Asinhala amati te, ngati ifeyo.

Zikwangwani za pa masiteshoni kumeneko zimalembedwa m'zilankhulo zitatu: Chisinhala, Chitamil ndi Chingerezi. Chachiwiricho sichidabwere mwaulere. Lamulo la 1956 lidati chilankhulo cha boma ndi Chisinhala chokha, ndipo Chitamil chidalandira ulemu umenewo mu 1987, magazi atakhetsedwa kale. Zidzukulu za othyola tiyi zimadzitcha Malaiyaha, kutanthauza anthu a dziko la mapiri, dzina losawabwezera ku India.

Ndondomeko yanga tsopano yasintha. Sindidzakwera chigawo cha mawindo otseka chimene alendo amalimbirana. Ndidzagula tikiti ya kalasi yachitatu, ndipo m'malo mopitirira ku Ella ndidzatsikira ku Haputale, kumene msewu umakwera kupita ku Dambatenne, esiteti imene Thomas Lipton adagula mu 1890. Akandilola, ndikufuna kuona sikelo imene amayezera masamba madzulo, ndiifanizire ndi ya ku Thyolo. Pakadali pano ndikuphunzira kupereka moni m'Chitamil, ndipo lilime langa likulimbanabe ndi mawu akuti vanakkam.