Ng'ombe Zadothi ndi Magalimoto a Waya

Kale anyamata a kumidzi anali kuumba ng'ombe zadothi, pakuti cuma ca makolo ao cinali m'khola. Koma Lusaka atakhala likulu la dziko m'caka ca 1935, ndipo nkhondo yaikuru itabuka mu 1939, malole a asilikali anadzaza mseu wa Great North Road, ndege nazonso zinamveka kumwamba. Ana anapenya zonsezi, ndipo sanaiwale. Lero m'makomboni a Chipata, Matero ndi Kanyama anyamata apinda waya, nadula zitini, napanga malole ndi ndege, nazipaka utoto wotsala. Wofuna kudziwa mbiri ya mtundu ayang'ane zoseweretsa za ana, pakuti mwana aumba cimene akulu acilemekeza kapena kuciopa.