Mbiri ya Kufufuza Mizukwa, Zouluka Zosadziwika ndi Zilombo za M'nthano

Nkhani za mizukwa ndi zakale ngati anthu eni ake, koma mwambo wozifufuza polemba maumboni ndi kuyesa amene akuti aona zinthu unayamba m'zaka za m'ma 1800 ku America ndi ku Britain. Kuyambira nthawi imeneyo, anthu amene akhala akuvumbula chinyengo nthawi zambiri si otsutsa ochokera kunja, koma okonda nkhanizi eni ake.

Mu March 1848, atsikana awiri apachibale, Margaret ndi Kate Fox a m'mudzi wa Hydesville ku New York, ananena kuti m'nyumba mwawo mukumveka kugogoda ndipo wogogodayo akumayankha mafunso. Mbiri inawanda, ndipo pasanapite zaka zambiri m'mizinda munadzaza anthu olankhula ndi mizimu ya akufa, ambiri mwa iwo olipiritsa. Mu 1888 Margaret anaulula pagulu kuti phokosolo ankalichita pothyola zala zakuphazi. Chaka chotsatira anaukana umboni wakewo, ndipo otsatira ake anasankha kumvera mawu achiwiriwa.

Pamene izi zinkachitika, ku London kunali kutakhazikitsidwa kale bungwe la Society for Psychical Research mu 1882, motsogozedwa ndi Henry Sidgwick wa ku Cambridge. Mamembala ambiri ankalakalaka umboni woti munthu akafa satheratu, komabe anagwirizana kuti nkhani iliyonse iziyamba yapimidwa. Mu 1885 Richard Hodgson, amene bungweli linamutuma ku India, analemba kuti zozizwitsa za Helena Blavatsky zinali zachinyengo. Kukhwimitsa zinthu kotereku kunakwiyitsa okhulupirira, mpaka Arthur Conan Doyle, mlembi wa nthano za Sherlock Holmes, anatuluka m'bungweli mu 1930 podandaula kuti likudana ndi za mizimu. Ubwenzi wake ndi Harry Houdini unali utatha kale pa nkhani yomweyi. Houdini, katswiri wa masewera ozunguza maso, ankadziwa mmene manja amapusitsira owonera, ndipo anathera zaka zake zomaliza akuyalutsa olankhula ndi mizimu.

Mbiri ya chilombo cha m'nyanja ya Loch Ness ku Scotland inabuka mu 1933, nthawi imene msewu wa m'mbali mwa nyanjayo unakonzedwa. Nyuzipepala ya Daily Mail inatumiza mlenje Marmaduke Wetherell, yemwe anapeza mapazi aakulu m'mphepete mwa madzi. Akatswiri a ku Natural History Museum atawaunika anapeza kuti wina anadinda pansi ndi phazi louma la mvuu. Mu April 1934 nyuzipepala yomweyo inasindikiza chithunzi cha chinthu cha khosi lalitali, chimene ankati anajambula ndi dokotala Robert Kenneth Wilson. Chithunzichi chinakhala umboni wodalirika kwa zaka 60. Mu 1994 ofufuza David Martin ndi Alastair Boyd analengeza zimene Christian Spurling, mmodzi wa okonza chithunzicho, anawauza: chinthucho chinali chidole cha sitima yoyenda pansi pa madzi chimene anachiumbira mutu, ndipo mwini chiwembucho anali Wetherell, amene ankafuna kulipsira nyuzipepala imene inamuchititsa manyazi. Chochititsa chidwi n'chakuti Boyd mwini ankakhulupirira kuti chilombocho chilipo ndipo ankati anachionapo.

Osaka nyama zobisika ali ndi poimira. Bernard Heuvelmans, amene buku lake la mu 1955 linapatsa ntchitoyi maziko, ankakumbutsa kuti nyama ya okapi ya ku Congo inadziwika kwa asayansi mu 1901, ndipo nsomba ya coelacanth, imene inkaganiziridwa kuti inatha kalekale, inakodwa muukonde pafupi ndi East London ku South Africa mu 1938. Otsutsa amayankha kuti nyama zimenezi zinavomerezedwa chifukwa khungu, mafupa kapena thupi lenileni linafika m'manja mwa akatswiri. Ku Loch Ness, gulu la Neil Gemmell wa ku University of Otago linatunga madzi mu 2018 n'kupima DNA, koma silinapeze ya chokwawa chilichonse, ngakhale linapeza yambirimbiri ya mikunga.

Za zouluka zosadziwika, zimene ambiri amazitcha UFO, zinayamba pa 24 June 1947 pamene woyendetsa ndege Kenneth Arnold anati waona zinthu 9 zonyezimira pafupi ndi phiri la Rainier. Asilikali a m'mlengalenga a America anasonkhanitsa malipoti 12,618 mpaka pamene anatseka ntchito ya Project Blue Book mu 1969, ndipo 701 anatsala osafotokozedwa. Mlangizi wawo, katswiri wa zakuthambo J. Allen Hynek, anayamba ngati wokayikira. Mu 1966 anasekedwa kwambiri atanena kuti kuwala kumene anthu anaona ku Michigan mwina kunali mpweya wa m'madambo. Pang'onopang'ono anasintha maganizo, ndipo mu 1973 anakhazikitsa Center for UFO Studies. Koma wofufuza wa bungwe lakelo, Allan Hendry, atatsata malipoti oposa 1,300, anapeza kuti pafupifupi 9 pa 10 alionse anali nyenyezi, ndege, mabaluni ndi zina zodziwika.

Okayikira anadzakhala ndi bungwe lawo mu 1976, lotchedwa CSICOP, motsogozedwa ndi Paul Kurtz. Nalonso silinakhalitse lisanagawanike: Marcello Truzzi, mmodzi wa oyambitsa, anachoka podandaula kuti anzake akumakana zinthu asanazifufuze. Wokayikira wina, James Randi, anaika mphoto ya madola 1 miliyoni kwa aliyense woonetsa mphamvu zachilendo pa mayeso ogwirizana, ndipo inathetsedwa mu 2015 popanda woitenga.

Masiku ano boma la America labwereranso ku nkhani ya zouluka. Lipoti la mu 2021 linaunika nkhani 144 n'kufotokoza imodzi yokha, yomwe inali baluni, ndipo linati pa zambiri mwa zotsalazo umboni unali wochepa. La mu 2024 linanena kuti silinapeze chosonyeza kuti zina mwa zinthuzi zinachokera kunja kwa dziko lapansi.