Kuyeza Moto wa Batire la Galimoto: Kuyambira pa Kachubu ka Galasi Mpaka pa Foni

Batire la galimoto ndi bokosi losaulula za m'kati mwake. Lodzaza moto ndi lotheratu amaoneka chimodzimodzi, ndipo nthawi zambiri dalaivala amadziwa kuti zinthu zavuta m'mawa umene wapotokola kiyi, galimoto n'kukana kulira. Kwa zaka zoposa 100 amakaniko akhala akufunafuna njira yodziwiratu tsiku limenelo lisanafike, ndipo zida zawo zasintha kangapo, pamene batirelo lasintha pang'ono chabe.

Batire la mtovu ndi asidi analipanga ndi Gaston Planté wa ku France mu 1859. Iye anakulunga mapepala awiri a mtovu, pakati ataikapo chotchinga kuti asakhudzane, n'kuwamiza mu asidi wa sulfuric wosungunula ndi madzi. Mu 1881 Camille Faure anapeza njira yomata phala la mtovu pa mapuleti, zomwe zinachititsa kuti mabatire azipangidwa msanga komanso azisunga moto wambiri. Chipinda chilichonse cha batire lotere, chomwe amati selo, chimapereka mavolt pafupifupi 2.1 chikadzaza. Batire likamagwira ntchito, asidi amachoka m'madzimo n'kukamatirira pa mapuleti, ndipo madziwo amanka napepuka kuyandikira madzi wamba. Likamatchajidwa asidiyo amabwerera. Njira zonse zoyezera batire zomwe zakhalapo zimatsamira pa kupita ndi kubwera kwa asidi kumeneku.

Magalimoto oyambirira a petulo sankadalira batire kwenikweni. Moto wa mapulagi unkachokera ku magneto, nyali zinali za gasi kapena palafini, ndipo injini ankailiza popukusa chitsulo kutsogolo. Ntchito imeneyi inali yoopsa: injini ikabweza, chitsulocho chinkathyola mkono, mpaka madokotala a nthawiyo anapatsa kuthyoka kwa fupa la pa dzanja kotereku dzina lotengera madalaivala. Charles Kettering ndi anzake a kampani ya Delco ku Dayton, m'chigawo cha Ohio, anapanga sitata yamagetsi imene inaikidwa m'magalimoto a Cadillac a 1912. Ford anayamba kuiika mu Model T mu 1919. Kuyambira pamenepo galimoto inkalira kapena kukana malinga ndi bokosi la maselo atatu, la mavolt 6, ndipo galaja iliyonse inayenera kuphunzira kuliyeza.

Chida chimene chinalamulira m'magalaja kwa zaka zoposa 50 chinali hydrometer. Ndi kachubu ka galasi kokhala ndi kampira kofinya pamwamba, kapaipi pansi, ndi kagalasi kena koyandama m'kati kolembedwa manambala. Makaniko ankamasula zivindikiro za batire, kuyamwa madzi a selo imodzi, n'kuwerenga pamene koyandamako kaima. Madzi a batire lodzaza amalemera pafupifupi 1.27 poyerekeza ndi madzi wamba, pamene a lotheratu amatsika kufika cha m'ma 1.12. Ubwino wa chidachi unali woti chinkafunsa selo iliyonse payokha. Ngati maselo onse atsika mofanana, batire langotha moto ndipo likufunika kutchaja. Koma ngati imodzi yatsalira kwambiri pamene zinzake zili bwino, ndiye kuti seloyo yafa, ndipo kutchaja n'kungotaya nthawi. Palibe chida chotchipa chimene chinabwera pambuyo pake chomwe chimayankha funso limeneli mosapita m'mbali ngati kachubuka. Zovuta zake zinalipo. Kutentha kumasintha kulemera kwa madzi, choncho makaniko wosamala ankawonjezera kapena kuchotsera pa nambalayo malinga ndi nyengo. Batire longothiridwa kumene madzi linkanama mpaka madziwo atasakanikirana ndi asidi. Ndipo asidi wodontha ankaboola maovololo, moti timabowo ta pa zovala tinkamuulula munthu wa ntchito za mabatire.

Panalinso chida cha mano awiri ngati foloko. Mabatire akale ankakhala ndi zitsulo zolumikiza maselo zili poyera pamwamba, ndiye makaniko ankadinda manowo pa selo imodzi, chidacho n'kukoka moto wambiri kwa kanthawi uku muvi wake ukusonyeza ngati seloyo ikupirira. Amene analibe zida ankachita zimene zikuchitikabe m'magalaja ambiri a m'mbali mwa msewu: kukhudzitsa waya kapena sipanala pa mitu iwiri ya batire n'kuona kukula kwa moto wothetheka. Njirayi imanena zochepa, ndipo ndi yangozi, chifukwa batire lotchajidwa kumene limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika ukakumana ndi moto. Ina yabwinoko ndi kuyatsa nyali zakutsogolo kenako n'kuliza injini. Nyali zikazilala mpaka kufuna kuthima, batire lafooka kapena mitu yake yachita dzimbiri.

Mamita oyezera voltage analipo kale. Edward Weston anapanga yonyamulika m'zaka za m'ma 1880, ndipo mu 1923 ku Britain kunatuluka Avometer, yochokera ku nzeru za Donald Macadie, injiniya wa ku positi ofesi amene anatopa kunyamula mamita angapo. Koma pa dashibodi ya galimoto opanga ankakonda kuika ammeter, muvi wosonyeza ngati moto ukulowa m'batire kapena ukutuluka. M'zaka za m'ma 1950 injini zinakula ndi kulimba polira, ndipo makampani a ku America anasamukira ku mavolt 12, maselo 6. Volkswagen Beetle inakakamira mavolt 6 mpaka cha m'ma 1967. Mu 1960 Chrysler inaika alternator m'galimoto ya Valiant m'malo mwa dayinamo, ndipo pofika m'ma 1970 magalimoto ambiri anali atatsatira. Muvi uja unachoka pang'onopang'ono, m'malo mwake munabwera kanyali kofiira kojambulidwa batire. Anthu ambiri mpaka lero amaganiza kuti kanyalika kamanena za batire, chonsecho kamangouza dalaivala kuti alternator sikutchaja. Batire likhoza kukhala pafupi kufa kanyaliko kali phee.

Kachubu ka galasi kanatha ntchito pamene mabatire anatsekedwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kampani ya Delco inatulutsa batire la Freedom, losafuna kuthira madzi, ndipo makampani ena anatsatira. Mapuleti osakaniza mtovu ndi calcium samwetsa madzi msanga, choncho zivindikiro zinachotsedwa. Ena anaikapo kadiso kamene kamaoneka kobiriwira batire likadzaza, komwe kwenikweni ndi hydrometer yaing'ono yoyang'ana selo imodzi yokha mwa zisanu ndi imodzi. Makaniko anatsala ndi mitu iwiri ya kunja, ndipo manambala a voltage anakhala chilankhulo cha ntchitoyi. Batire lopuma, lomwe lakhala maola angapo injini itazima, limawerenga pafupifupi 12.6 likadzaza, 12.2 likafika theka, ndipo likatsika pansi pa 12.0 latsala pang'ono kutheratu. Injini ikamalira nambalayo imakwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4 ngati alternator ili bwino. Poyesa kulimba, magalaja ankakoka moto wambiri kwa masekondi 15 n'kuona ngati batire likhala pamwamba pa 9.6. Pambuyo pake kunabwera timakina ta m'manja toyeza mmene magetsi akudutsira m'mapuleti popanda kulikhetsa moto, ndipo tina mwa ito timasindikiza kapepala ka zotsatira.

Khomo limene foni inadzalowera m'galimoto silinatsegulidwe chifukwa cha batire ayi. Linatsegulidwa ndi utsi. Mzinda wa Los Angeles unkavutika ndi mpweya woipa wa magalimoto, ndipo bungwe la California Air Resources Board linalamula kuti kompyuta ya galimoto izidziyang'anira yokha ndi kusunga zolakwika zokhudza utsi. Malamulo oyamba analola kampani iliyonse kukhala ndi pulagi yakeyake. Achiwiri, otchedwa OBD-II, anakakamiza magalimoto onse ang'onoang'ono ogulitsidwa ku United States kuyambira 1996 kukhala ndi soketi yofanana ya mabowo 16 pafupi ndi mpando wa dalaivala, kawirikawiri pansi pa chiwongolero. Ulaya inatsatira mu 2001 pa magalimoto a petulo, ndipo a dizilo anadzalowa patapita zaka zingapo. Pa mabowo 16 amenewo, la nambala 16 limalumikizidwa ku batire kuti lizipatsa moto makina oyezera, ndipo limakhala ndi moto ngakhale kiyi ali m'thumba. Opanga malamulowo ankangofuna kudyetsa makina a makaniko, koma potero anaika waya wa batire m'kati mwa galimoto pamalo amene aliyense angafike osatsegula boneti.

Makina owerengera soketiyi poyamba anali okwera mtengo, a magalaja akuluakulu. Zinthu zinasintha ndi kachipangizo ka ELM327, kopangidwa ndi kampani yaing'ono ya Elm Electronics ya ku Canada, kamene kamamasulira zilankhulo zosiyanasiyana za makompyuta a galimoto kukhala malemba osavuta. Mafakitale a ku China anakopera kachipangizoka n'kudzaza msika ndi timapulagi totchipa, tambiri ta buluu, tolankhula pa Bluetooth kapena Wi-Fi. Mafoni amakono atafika, iPhone mu 2007 ndi Android mu 2008, mapulogalamu monga Torque anasandutsa foni kukhala dashibodi yachiwiri. Voltage imafika pa foni m'njira ziwiri. Pulogalamu ikatumiza lamulo la AT RV, kapulagiko kamadziyezera kokha moto wa pa bowo la 16, osafunsa kompyuta ya galimoto. Njira ina ndi kufunsa kompyutayo voltage imene ikulandira, ndipo apa kiyi ayenera kukhala atatsegulidwa. Manambala awiriwa sagwirizana ndendende nthawi zonse, chifukwa moto wina umatayika m'mawaya, m'mafyuzi ndi m'malumikizo.

Chatsopano chimene foni inabweretsa ndi kuona nambala ikuyenda. Mita ya m'manja imanena za mphindi imene makaniko waima pa boneti. Foni imajambula mzere wa ulendo wonse: kugwa kwa voltage pamene sitata ikuzungulira, kukwera kwake injini ikalira, kutsika kwake nyali, waipa ndi fani zikayaka limodzi pa mzere wa magalimoto. Alternator imene imatchaja bwino m'mawa koma n'kufooka ikatentha, vuto lomwe kale linkazunguza mitu chifukwa galimoto ikafika pa galaja imakhala itazizira, imaonekera poyera pa mzere umenewu. Lamba woterereka nayenso amasiya chizindikiro chake.

Malire ake ndi oonekeratu. Timapulagi tokopera tina timalakwitsa ndi magawo awiri kapena atatu mwa magawo khumi a volt imodzi, ndipo kusiyana kwa batire lodzaza ndi la theka ndi magawo anayi okha. Wosamala amayamba wayerekeza ndi multimeter pa mitu ya batire. Timapulagiti timawerenganso mochedwa, kangapo chabe pa sekondi, moti kugwa kwenikweni kwa voltage polira kukhoza kudutsa osalembedwa. Injini ikangozimitsidwa kumene, batire limaonetsa nambala yokwera yachinyengo mpaka litapuma. Chachikulu n'chakuti voltage imanena kuchuluka kwa moto umene uli m'batire, osati kukula kwa nkhokwe imene yatsala: batire lokalamba likhoza kuwerenga 12.6 madzulo n'kulephera kuzunguza sitata m'mawa. Magalimoto atsopano awonjezera chisokonezo china. Pofuna kupulumutsa mafuta, kompyuta imatsitsa dala alternator mpaka cha m'ma 12.5 galimoto ikuyenda, n'kuikweza kuyandikira 15 pamene dalaivala wachotsa phazi pa mafuta. Munthu wozolowera manambala akale akaona zimenezi pa foni amatha kugula alternator yatsopano pachabe. Komanso kapulagi kosiyidwa m'soketi kamadya moto usiku ndi usana, ndipo galimoto yoimikidwa milungu ingapo ikhoza kuphedwa batire ndi chida chomwe anachigulira kulilondera.

M'Malawi ndi Zambia magalimoto ambiri ndi akale ochokera ku Japan, olowera pa madoko a Dar es Salaam, Beira ndi Durban. Ena mwa iwo, makamaka opangidwira msika wa ku Japan komweko zaka za m'mbuyomu, ali ndi soketi ya mabowo 16 koma kompyuta yawo simvana ndi timapulagi totchipa. Ngakhale zili choncho voltage imaonekabe, popeza kapulagi kamaiyeza kokha. Malole ambiri ndi nkhani ina: amayendera mavolt 24, mabatire awiri olumikizidwa motsatana, ndipo kapulagi kopangidwira mavolt 12 kakhoza kupsa. Nyengo nayonso imasintha funso. Kumayiko ozizira batire limagwa m'chisanu, pamene kumadera otentha ngati ku Chigwa cha Shire kutentha n'kumene kumalikalambitsa, poumitsa madzi ndi kudya mapuleti. N'chifukwa chake batire la zivindikiro ndi botolo la madzi a batire sizinachoke m'masitolo a zipangizo za galimoto kuno, ndipo pa batire lotere kachubu ka galasi kaja kakugwirabe ntchito. Batire lokana sitata nthawi zambiri limapita kumudzi kukaliza wailesi ndi kutchaja mafoni, poti ntchito zimenezi zimafuna moto wochepa wotuluka pang'onopang'ono.

Masiku ano kuyezaku kwayandikiranso ku batire lenilenilo. Pali timabokosi tomangidwa pa mitu yake tomwe timasunga voltage ya masiku ambiri n'kuitumiza ku foni pa Bluetooth mwini galimoto akayandikira. Magalimoto ozima okha akaima pa maloboti ali ndi kasensa pa mutu wa negative koyeza voltage, moto wolowa ndi wotuluka, komanso kutentha, ndipo ena mwa iwo, monga a BMW, amafuna kuti kompyuta iuzidwe batire likasinthidwa kuti ilitchaje moyenera. Ngakhale magalimoto oyendera magetsi okhaokha ali ndi batire laling'ono, kawirikawiri la mavolt 12, loyatsira makompyuta ndi kulumikiza batire lalikulu. Laling'onolo likatha moto, galimotoyo sidzuka ngakhale lalikulu lili lodzaza, ndipo imafunika kubwereka moto ndi mawaya ngati ya petulo.