Chiyambi cha Dzina la Washington

Kale Angerezi analibe maina a banja. Munthu anali kudziwika ndi dzina limodzi lokha. Koma Anormani atalanda dziko la England m'chaka cha 1066, eni malo anayamba kutchedwa ndi maina a midzi yao, ndipo ana ao anasunga mainawo monga cholowa.

Cha m'ma 1180 William wa ku Hertburn analandira mudzi wa Wessyngton, pafupi ndi Durham, nasiya dzina lake lakale, natenga la mudziwo. Liu lotsiriza lija, "ton", litanthauza mudzi. Mwa zidzukulu zake munatuluka George Washington, amene anakhala Pulezidenti woyamba wa United States m'chaka cha 1789, ndipo likulu la dzikolo linatchedwa ndi dzina lake. Chotero dzina la kamudzi linaoloka nyanja, nilisanduka dzina la mzinda waukulu.